Munda Umene Ndinapempha ndi Nkhuku ya mu Filiji

Ndikukumbukira bwinobwino chaka chimene ndinali ndi zaka eleven, chifukwa ndi chaka chimene dzuwa linandikana. Ndinatsika ndege ku Dublin mu November, ndipo ndikulumbira, dzuwa ndinadzalionanso mu April, nalonso litangosuzumira ngati mlendo amene walakwitsa nyumba. Amayi amati ndimakokomeza chilichonse. Aphunzitsi anga onse, kuyambira fifth class mpaka mayeso a Leaving Cert amene ndangomaliza kulembawa, ananenanso zomwezo. Chabwino, sindikukana. Koma nkhani iyi imveni kaye yonse, mchere wowonjezerawo muchotsa nokha.

Ine ndine Tadala. Ndinakulira ku Lizulu kwa mayi aakulu, chifukwa amayi anabwera kuno ndili ndi zaka four. Kwathu kuja mbatatesi timazitchanso ayirishi, ndiye atandiuza kuti mapepala atheka ndikupita ku Ireland, ndinati eyaa, ndikupita kwawo kwenikweni kwa mbatatesi, minda kuyambira pa eyapoti mpaka pakhomo la tchalitchi. Ndinafikira ku Finglas. Nyumba zofanana ngati mano a chipeso, mabini atatu pakhomo lililonse, ndi bwalo lalikulu la kapinga pakati pa estate, mudzi wa nyumbazo, limene amalitcha green. Lopanda mbuzi, lopanda phesi la chimanga, lopanda ngakhale nkhwani wongomera wokha. Dothi lakuda bii, mvula tsiku ndi tsiku, anthu n'kumangodutsapo ndi agalu ovala majuzi. Mayi aakulu akanaona zimenezo akanakomoka kawiri.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Santry, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Panali patapita zaka seven tisanaonane, ndiye tinkakhala ngati anthu amene akhalitsana mpando mu minibasi: ulemu wambiri, nkhani zochepa. Ndikaweruka kusukulu ndinkatsegula chitseko ndi kiyi wa m'khosi, n'kupereka moni kwa filiji. M'nyumba monse filiji yokha ndi imene inkayankha, ndi kaphokoso kake kong'ung'udza kaja. Kusukulu nako Chingerezi changa cha "present madam" sichinkandithandiza kanthu. Ana akuno amalankhula ngati akutafuna mbatata yootcha, ukati umvetse chiganizo choyamba iwo ali kale pa nkhani ya mawa. Pa break ndinkaima pakhoma n'kumawerenga njerwa. Ndinazidziwa zonse, zina ndinazipatsa mayina.

Mu February Miss, aphunzitsi athu, analemba mawu pa bolodi: meadow, bog, glen, boreen, haggard, ndi ena ambiri. Anati awa ndi mawu a kumudzi, a kuminda, amene ana a m'tauni akuwaiwala. Aliyense atenge liwu limodzi, afufuze tanthauzo lake ndi kumene linachokera, afunse munthu wamkulu kwawo, ndipo mu June abweretse kanthu kogwirika kochokera kumalo oterowo. Kalasi yonse inaphulika. Uyu granny wake ali ku Cavan, uyo grandad wake ali ndi nkhosa ku Wexford, wina amalume ake ali ndi thirakitala yaikulu kuposa sukulu. Ine ndinangogwira kapepala kanga kolembedwa meadow ngati kalata ya munthu wina imene yasokera.

Kayleigh, mtsikana amene ankamanga tsitsi mothina mpaka nsidze zinkafika pa liwombo, anatembenuka. Zolankhula za azungu mu nkhani ino ndikumasulira ndekha, ndiye zikamveka ngati za ku Ntcheu mundikhululukire.

"Nanga iwe ukafunsa ndani? Kwanuko udzu uliko n'komwe?"

Pakamwa panga panayankha mutu usanavomereze. Ndi matenda anga akale.

"Ine ndili ndi munda wangawanga konkuno ku Finglas. Mu June ndibweretsa mbatatesi thumba lathunthu, iliyonse ngati mutu wakowo."

Anaseka onse, mpaka mnyamata amene ankangogona m'kalasi anadzuka kuti aseke nawo. Miss anangoti, "Tidikira, Tadala," n'kulemba m'buku mwawo. Ndinatuluka ndili ndi munda m'kamwa, m'manja mulibe ngakhale dothi la m'chikhadabo. Ndinadziwa kuti June akafika ndilibe mbatatesi, ndidzakhala wa pakhoma uja mpaka kukalamba, komanso ndi dzina latsopano: wabodza.

Amayi nditawafunsa za meadow anali ataviika mapazi mu beseni, maso atatseka. "Kaya, dambo mwina. Funsa foni." Foni inati meadow ndi malo amene udzu amausiya dala kuti ukule, kenako n'kuumweta kuti ziweto zidzadye nthawi yozizira, ndipo liwulo linachokera ku liwu lakalekale lotanthauza kumweta. Ndinaseka ndekhandekha kukhitchini. Anthu kusunga munda wa udzu! Kwathu udzu ndiye mdani, timadzukira m'mamawa kukalimbana nawo.

Sabata yomweyo amayi anataya mbatatesi theka la thumba chifukwa zinali zitaphuka. Ndinazitola mu bini iwo atangotuluka. Mwana wa ku Lizulu sataya mbewu. Ndinazibisa kunsi kwa bedi mu katoni ya nsapato, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazisuzumira, timaso tawo tikutalika pang'onopang'ono. Mbewu inalipo. Chinatsala ndi malo.

Pakona pa green, pafupi ndi khoma, panali kamalo kobisika kuseri kwa minga ndi trolley yakufa ya m'sitolo. Masana alionse pankaima agogo ena aamuna, aatali ngati pholo ya magetsi, chipewa kumutu, manja kumbuyo, akuyang'ana kapinga ngati akuwerenga ng'ombe zosaoneka. Kwathu munthu amene amaima pamalo tsiku ndi tsiku manja kumbuyo ndiye mwini wake, palibe chofunsa. Ndipo malo sapempha chimanjamanja. Ndinaonapo amalume akupita kukapempha dimba, ananyamula tambala kukhwapa. Nanga ku Finglas tambala ndikanam'peza kuti? Ndinatsegula filiji, kumtunda kozizira kuja.

Linali Loweruka, amayi ali ku shift. Ndinamanga chitenje pamwamba pa jinzi, nkhuku youma gwa ngati mwala ndinaiika m'mbale n'kuvundikira, ulendo. Pageti pa agogo aja ndinaima n'kunena "Odi!" katatu. Anayankha ndi mphaka. Kenako ndinaimba belu n'kugwada pa sitepe yonyowa. Chitseko chitatseguka agogo anayang'ana kumanja, kumanzere, osaona munthu. Atayang'ana pansi ndodo inatsala pang'ono kuwapulumuka.

"Mayi Maria woyera! Wagwa? Wavulala pati?"

"Ayi agogo, sindinagwe. Ndabwera kudzapempha malo."

Ndinapereka mbale ndi manja awiri, maso pansi, monga anandiphunzitsira mayi aakulu. Anavundukula. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, anayang'ananso nkhuku. Panapita nthawi yaitali moti ndikukhulupirira kuti nkhukuyo inayamba kusungunuka.

"Malo ati?"

Ndinaloza pakona paja.

"Ukufuna uchite nawo chiyani?"

"Ndilime mbatatesi."

Nkhope yawo inachita china chake chimene panthawiyo sindinachimvetse. "Dzuka mwana iwe, mawondo amenewo sungira Mulungu," anatero, koma nkhuku analandira. Anavala chikhoti, tinapita pa green, ndipo anayeza ndi mapazi awo: ten m'litali, six m'lifupi. "Kuyambira pa trolley mpaka pakhoma. Ndi ako." Dzina lawo linali a Durkan, kwawo ku Mayo, kumadzulo kwa dziko lino. Ndinawombera m'manja mwaulemu, iwo n'kuvula chipewa. Palibe mgwirizano wa malo umene unayenda bwino chonchi chiyambire dziko.

Mavuto anabwera Lamulungu, amayi ataitana alendo awiri a kutchalitchi. Ndinamva chitseko cha filiji chikutseguka, kutsekeka, kutsegukanso.

"Tadala! Nkhuku inali muno yauluka?"

"Mwina, mami. Zinthu za kuno n'zodabwitsa."

Sindinapite nazo patali. Nditaulula, amayi sanakalipe mokweza monga ndinkayembekezera. Anakhala pampando n'kugwira mutu. "Iwe mwana, ine ndakhala mu hostel zaka zambirimbiri kudikira mapepala. Envelopu ya bulauni ya boma ikagwa pachitseko mtima umathawira kumapazi mpaka lero. Ndiye iwe ukufuna anthu atiloze zala chifukwa cha mbatatesi? Kuno sakumba paliponse!" Ndinati malowo andipatsa ndi eni ake. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Alendo adya nyemba, ndipo iwe udya nyemba mpaka Pasaka." Ndinadya nyemba mpaka ndinkalota nyemba zikundilondola ku basi. Koma kumunda sanandiletse. Ndikuganiza kuti anali otopa kwambiri, kapena anaona kuti kwa nthawi yoyamba ndili ndi kopita.

Tinadzala mu March, pa tsiku la Patrick woyera, Dublin yense ali m'tauni atadzipaka zobiriwira. A Durkan anati kwawo mbatatesi zimalowa pansi tsiku limenelo, kaya kugwe chiyani. Khasu analibe, sankalidziwa n'komwe. Anatulutsa fosholo yakale ya mpini wosalala ngati galasi. Chiuno chawo chinali chitatha, ndiye iwo ankakhala pakhoma n'kumalamula, ine n'kumafa. Anati ndiyale mbewu pamwamba pa kapinga, ndidule chigamba cha dothi m'mbali n'kuchitembenuzira pamwamba pake ngati bulangete.

"Awa timati lazy beds, mabedi a alesi."

"Alesi? Agogo, msana wanga ukuitana amayi ake!"

"Dzinalo anapereka ndi anthu odutsa pa kavalo, amene sanagwirepo fosholo. Kwanu mumati chiyani?"

"Mizere."

Anayesa kutchula, lilime linapindika ngati nsomba pa mbedza. Anatulutsa envelopu yakale ndi kapensulo kotha n'kulemba. Kuyambira tsiku limenelo tinkasinthana: iwo liwu limodzi, ine limodzi.

Mawu awo onse anali ndi mchira. Boreen ndi kamsewu kakang'ono ka kumudzi, ndipo anati mkati mwa liwulo muli ng'ombe, chifukwa m'chilankhulo cha makolo awo msewu unali njira ya ng'ombe. Bog ndi malo a matope akuda kumene ankadula nkhuni za dothi, ndipo liwulo limangotanthauza chofewa, monga phazi limadziwira likapondapo. Haggard ndi kabwalo ka kuseri kwa nyumba kounjikapo udzu, liwu limene anasiya anthu a ngalawa ochokera kumpoto. Ngakhale ekala yathu ija, imene ndinkayesa ndi Chichewa chenicheni, anati poyamba inali malo amene ng'ombe ziwiri zingagalauze tsiku limodzi. "Ndipo Finglas yemweyu ndi kamtsinje koyera," anatero, akuloza msewu wa mabasi ndi ndodo. "Kali pansipo, anakatsekera m'mapaipi. Nako kanabwera m'tauni n'kukhala chete."

Nditawauza zimene foni inanena za meadow anagwedeza mutu. "Foni yanena zoona, koma foni sinamwetepo." Anafotokoza za amuna a mudzi wonse atandanda ndi zikwakwa zazitali, tiyi wa m'botolo lokulunga mu sokosi, mayi awo akukuwa kuchokera ku haggard kuti mitambo ikubwera. Anatchula mayina a anthu onse a pamzerewo, mmodzimmodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali moyo.

Ine ndinawapatsa dimba, dambo, chulu, mphanje, tsala, kusosa, kubandira. Ndinkathirako mchere ndithu. Ndinati chulu cha kwathu ukakwera pamwamba umaona Mozambique yense ndi anthu akuphika. Koma tsiku lina anandifunsa dzina la kamtsinje kouma kamene kamadzaza mvula ikagwa, ndipo ndinatsegula pakamwa osatuluka kanthu. Miyezi five yokha, liwu linali litasamuka m'mutu mwanga osatsanzika. Ndinachita mantha kuposa tsiku la nkhuku. Linabwera patapita masiku awiri pakati pa masamu, ndipo ndinakuwa "Khwawa!" kalasi yonse n'kudzidzimuka. Miss anandifunsa ngati ndikufuna madzi.

Mbatatesi zinamera. Mu April timasamba, mu May zinali zofika m'mawondo, zobiriwira moti kapinga yense wa pa green ankaoneka wodwala. Tsiku lina amayi akuchokera ku basi anapatuka, anaima ndi yunifolomu yawo, n'kunena osandiyang'ana, "Mzere wachitatuwo wakhota ngati njoka. Ndipo ubandire, mphepo ya kuno ilibe ulemu." Kusukulu ndinkapereka lipoti kwa Kayleigh tsiku lililonse, asanafunse: lero zafika m'chiuno, lero galu wa aneba wasocheramo, akumufunabe. Makina odula udzu akabwera, a Durkan ankaima kutsogolo kwa mizere ngati wapolisi wa pamsewu, ndodo m'mwamba. Dalaivala ankawadziwa, ankangoseka n'kuzungulira. Sindinadzifunse kuti mwini malo amaimiranji chonchi pamalo pake.

Sabata yoyamba ya June, Lachitatu, a Durkan anapita kuchipatala ku Beaumont kukaonetsa chiuno chija. Tsiku lomwelo kunabwera dalaivala wina, amene sankadziwa za agogo, za nkhuku, kapena za ine. Ndikuchokera kusukulu ndinamva fungo la udzu wodula kumene ndisanakhote pakona. Anthu akuno amalikonda fungo limenelo. Ine mpaka lero ndimadana nalo. Trolley anali ataichotsa, minga atadula, ndipo pamene panali mizere six panali matayala okhaokha ndi masamba ophwanyika ngati ndiwo zotafuna kale. Maluwa oyera anali atangoyamba kutuluka dzulo lake.

Ndinathamanga. A Durkan anali atangofika, atakhala pampando wa pakhomo, kachibangili ka kuchipatala kakadali pamkono.

"Agogo, alowa m'munda mwanu! Aphwanya zonse! Imbirani apolisi awamange, ndi makina awo omwe!"

"Khala pansi, Tadala."

"Sindikhala."

"Malo aja si anga."

Ndinayesa kuti Chingerezi chandithawanso.

"Ndi a khonsolo, ngati msewu ndi magetsi a mumsewu. Ine kuno ndilibe dothi ngakhale lodzaza chipewachi. Ku Mayo nako munda unagulitsidwa kalekale, anadzalapo paini mpaka pakhomo la nyumba imene ndinabadwira."

"Nanga munandipatsiranji?"

Anazunguza chipewa m'manja. "Chimwalirireni mkazi wanga, ogogoda pachitseko ichi ndi wa makalata ndi wowerenga mita. Ndiye tsiku lina ndikutsegula, ndikupeza mwana wagwada ndi nkhuku, akundipempha ngati ndine munthu wokhala ndi kanthu kopatsa. Ukanakhala iwe ukanati chiyani?"

Panali mayankho abwino ambiri. Ine ndinali ndi zaka eleven ndi Kayleigh m'mutu.

"Nanga nkhuku ya amayi?"

"Ndinadya. Masiku four. Inali yabwino."

"Ndinu abodza," ndinatero. Ine, Tadala, amene ndinasocheretsa galu m'mizere six. "Kwathu munthu wamkulu sanama za malo."

Sanadziteteze. Anangoti fosholo ili kuseri ngati ndikufuna kuona zimene zatsala pansi. Ndinati fosholo yawo sindiifuna. Ndinakakumba ndi manja, kamvula kakuwaza, zikhadabo zikuthyoka. Amayi anandipeza pomwepo. Sanati ndinakuuza. Anaika chikwama pakhoma, ananjuta pambali panga, n'kunena kuti, "Kumba cha m'mbali, zimathawira kumeneko." Tinapeza fourteen. Yaikulu kwambiri inali ngati dzira la njiwa, zina ngati ndowe za mbuzi yodwala. Apa sindikukokomeza, ndikanakonda ndikanakhala ndikukokomeza.

Tsiku la project ya mawu ija ena anabweretsa ubweya wa nkhosa, chidutswa cha dothi la ku bog, zithunzi za granny pa thirakitala. Ine ndinakhuthula mbatatesi zanga pa tebulo la Miss, imodzi inagubuduka n'kukalowa kunsi kwa kabati, ili konko mpaka pano. Ndinanena kuti meadow linachokera ku kumweta, ndipo ndikudziwa bwino chifukwa munda wanga aumweta. Kenako, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndinafotokoza nkhani monga inachitikira, osawonjezera ngakhale kambewu ka mchere: chitenje, kugwada, nkhuku youma, agogo opereka malo a eni. Miss analemba pansi pa pepala langa kuti ndili ndi luso lopeka nkhani, koma project inkafuna zoona.

Kayleigh anatola kambatatesi kamodzi ndi zala ziwiri. "Mutu wanga uja ndi umenewu?"

"Ayi, umenewo ndi ubongo wake."

Kalasi inaseka, ndipo ulendo uno sinkaseka ine. Sindinganene kuti ndinapeza anzanga tsiku limenelo. Koma pakhoma paja ndinayamba kuimapo masiku ena okha.

Holide yonse a Durkan ankaimabe pakona pawo, manja kumbuyo. Akandiona ankakweza chipewa. Ine ndinkawolokera tsidya lina la msewu, khosi gwa ngati nkhuku ija. Amayi anandiuza kangapo, "Pita ukawaone agogo aja, mkwiyo sakhala nawo ngati lendi." Ndinkati mawa. Mumtima ndinali nditawakhululukira kale mu July, koma ndinkafuna aone kaye kuti ine si munthu wamasewera. Mawa anakwana miyezi iwiri.

Sukulu itatsegulira mu September ndinapeza chikwangwani chogulitsa nyumba pageti pawo, makatani atachotsa. Aneba anati mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku England n'kuwatenga, chifukwa masitepe anali atawakanika. Pakhomo pathu panali patatsamira fosholo ija, ndi envelopu yomangirira ku mpini ndi ulusi. Munalibe kalata, munalibe adiresi. Kuseri kwake kunali mawu anga onse m'zilembo zawo zonjenjemera, lililonse ndi mnzake wa Chingerezi pambali. Dimba, dambo, chulu, khwawa. Lomaliza linali tsala. Pambali pake analemba fallow, n'kuwonjezera kuti: munda umene ukupuma, mwini wake abweranso.

Ndinalowa m'nyumba, ndinapereka moni kwa filiji, ndipo tsiku limenelo ngakhale filiji sinayankhe.

Sindinamvenso za iwo. Panopa ndikawerengera zaka zawo ndimasiyira panjira dala. Chimene ndikudziwa tsopano, nditamaliza sukulu yonse ndi mabuku ake, n'chakuti mawu aja Miss analemba pa bolodi sanali mayina a malo chabe. M'liwu lililonse munali munthu akugwira ntchito: wina akumweta, wina akukusa ng'ombe, wina watitimira m'matope mpaka m'mawondo. Anthuwo akapita, liwu limatsala lokha, litaima pakona manja kumbuyo, kudikira wina woti alifunse. A Durkan malo analibe, zoona. Anandipatsa zimene zinawatsalira, ine n'kumawerengera nkhuku. Ndipo pa mabodza onse amene ndanena m'moyo wanga, ndi ambiri ndithu, limene limandiwawa ndi lalifupi lija ndinkauza amayi: mawa.

Chaka chotsatira a khonsolo anaika kachikwangwani pakona pomwe paja, kojambulidwa njuchi, konena kuti pano sitidulanso udzu mpaka chilimwe chithe, ndi meadow. Ndinaseka mpaka mayi wina wodutsa ndi galu anandifunsa ngati ndili bwino. Mu May, pakati pa udzu wautaliwo, panatuluka mitengo itatu ya mbatatesi. Zinali zija ine ndi amayi tinaziphonya. Chaka chilichonse zimabwerera, ndipo ine sindikumba zonse, ndimasiyako dala. Ndimapita ndi fosholo ija kukabandira, kenako ndimangoimapo.

Mwezi wathawu kamtsikana kena ka pa estate, kongofika kumene, kovala jekete lofika m'mapazi, kanaima patali n'kumandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako kanafunsa ngati mundawo ndi wanga.

"Si wanga," ndinatero. "Koma ukabwera ndi nkhuku tikambirana."

Sikanabwerebe. Ndikudikira, manja kumbuyo.